Phazi Lidaloŵa M'malo mwa Dzanja

Mwa zipangizo zonse zoimbira, ng'oma ndiyo imene anthu amaisiya msanga akakula. Woimba gitala angathe kukhala pakhonde madzulo namaimba chapansipansi osasokoneza munthu, koma ng'oma siidziŵa kunong'ona. Mnyamata akakwatira nakaloŵa m'nyumba ya lendi yogundana khoma ndi anansi, khanda lili m'tulo, timitengo take toimbira timapita pansi pa sutikesi, ndipo zimatha zaka 10 kapena 20 osatikhudzanso. Masiku ano ambiri mwa anthu otereŵa akubwerera ku luso laolo kudzera m'ng'oma zamagetsi. Ndi bwino tsono kuti makolo ndi achinyamata tidziŵe chimene chipangizo chimenechi chimambwezera munthu, ndiponso chimene sichingathe kumbwezera.

Ng'oma ya kumudzi imalira chifukwa chikopa chikamenyedwa chimanjenjemera, ndipo mphako ya mtengo imakuza mauwo. N'chifukwa chake timaiwamba pamoto ndi kuimata phula kuti ilire bwino. Ng'oma yamagetsi siidalira mphako. Pamene pakadakhala chikopa pali mphira, kapena kansalu kolukidwa ngati ukonde wa udzudzu koma kolimba kwambiri, ndipo kunsi kwake kuli kachipangizo kopyapyala kotchedwa piezo. Kameneka kakagwedezeka kamatulutsa timphamvu ta magetsi, timene timayenda m'waya kukafika ku kabokosi kosunga mau a ng'oma zamitundumitundu. Ukamenya mofatsa kabokosiko kamatulutsa mau ofatsa, ukamenya mwamphamvu nakonso kamakweza. Woimbayo amavala mahedifoni namamva ng'oma zikulindima m'mutu mwake, pamene wa m'chipinda china akungomva kugogoda ngati kwa mwana womenya buku ndi pensulo.

Ng'oma zimenezi si zachilendo monga ena aganizira. M'chaka cha 1981 kampani ya Simmons ya ku England idatulutsa ng'oma zotchedwa SDS-V, zamakona 6, zimene zidatchuka kwambiri m'nyimbo za zaka zimenezo. Pamwamba pake padali pulasitiki youma gwa, ya mtundu umene amapangira zishango za apolisi, kotero kuti oimba ambiri ankadandaula za kupweteka kwa manja ndi zigongono. Mu 1997 kampani ya Roland ya ku Japan idatulutsa V-Drums zokhala ndi kansalu ka ukonde kaja, kamene kamabweza kamtengo pafupifupi monga chichitira chikopa, komanso kalibe phokoso.

Mwa anthu onse amene adabwerera ku ng'oma mothandizidwa ndi magetsi, palibe amene mbiri yake imadziŵika koposa ya Rick Allen, woimba ng'oma m'gulu la Def Leppard la mumzinda wa Sheffield ku England. Iye adabadwa mu 1963, ndipo adaloŵa m'gululo mu 1978 ali ndi zaka 15 zokha. Pofika mu 1983 gululo lidali litatchuka m'maiko ambiri. Pa 31 Disembala 1984, Allen akuyendetsa galimoto kunja kwa Sheffield, galimotoyo idaphonya msewu nigubuduzika, iye naponyedwa kunja, ndipo mkono wake wamanzere udaduka. Madokotala adayesa kuulumikiza, koma bala lidaloŵa matenda, ndipo adauchotseratu. Apa n'kuti ali ndi zaka 21.

Kuti timvetse kukula kwa tsokali, tiyenera kudziŵa mmene woimba ng'oma za mtundu umenewu amagaŵira ntchito ziŵalo zake zinayi. Phazi lamanja limaponda chopondera cha ng'oma yaikulu ya mau akuya. Phazi lamanzere limatseka ndi kutsekula mbale ziŵiri zamkuwa zoyang'anizana. Dzanja lamanja limasunga kayendedwe ka nyimbo pa mbalezo. Dzanja lamanzere ndilo limamenya kang'oma kothetheka kokhala pakati pa maondo, kamene kamagunda pomwe omvera amaombera m'manja. Kuchotsa dzanja limeneli kuli ngati kuchotsa mmodzi mwa amayi aŵiri osinja mtondo umodzi molandizana: musi ukugundabe, koma kulandizana kuja kwatha.

Akadali m'chipatala, Allen adazindikira kuti angathe kugunda ndi mapazi ake kumiyendo kwa bedi zina mwa zimene kale ankagunda ndi manja. Maganizo amenewo sakadapita patali pa ng'oma wamba, pakuti phazi silingafike pa kang'oma ka pakati pa maondo. Koma pa ng'oma yamagetsi waya sasamala kuti wamenya ndani, kaya ndi dzanja kaya ndi phazi. Kabokosi kamangotulutsa mau amene kauzidwa. Choncho amisiri, pamodzi ndi a kampani ya Simmons, adamkonzera ng'oma zokhala ndi zopondera zingapo ku phazi lamanzere, chilichonse ndi mau akeake, kuti phazilo ligwire ntchito ya mkono wotayika uja.

Pano ndi pamene ambiri amaifupikitsa mbiriyi, ngati kuti makina adangofika basi zonse n'kutheka. Sizidatero ayi. Phazi ndi lolemera ndiponso lochedwa poyerekeza ndi dzanja, ndipo munthu wotaya mkono amayamba waphunziranso ngakhale kukhazikika bwino pampando osapendekeka. Anzake ankajambula nyimbo ku Hilversum m'dziko la Netherlands, iye ali m'chipinda chayekha kubwereza zinthu zimene adazidziŵa kale ali mwana. Padapita miyezi yoposa 18 asanaimbenso pamaso pa anthu. Mu Ogasiti 1986 gululo lidakayesera ku Ireland, ndipo poopa kuti mwina angalephere pakati pa nyimbo, adaitana Jeff Rich wa gulu la Status Quo kuti aziimba naye limodzi pa ng'oma zina. Usiku wina Rich adachedwa kufika, Allen nayamba yekha, ndipo zidaoneka kuti wothandizayo safunikanso. Pa 16 Ogasiti 1986 adaimba pamaso pa chinamtindi cha anthu ku Castle Donington, ndipo chaka chotsatira, 1987, gululo lidatulutsa chimbale chotchedwa Hysteria, chimene chidagulidwa makope oposa 20 miliyoni.

Pa mbiri yonseyi, chimene ine ndimachiona chachikulu ndi khalidwe la anzakewo. Gulu lotchuka chotere likadatha kupeza woimba ng'oma wina sabata lomwelo, ndipo palibe akadalidzudzula. Iwo sadafune munthu wina, adamdikira. Kunena zoona, chimbale chaocho chidachedwa pa zifukwa zinanso, koma mpando wake sadaupereke kwa aliyense. Makina akadakhalapo koma mpando utapita, sitikadamva za phazi lakelo. Pambuyo pake Allen adanena poyera za kuvutika mumtima kumene ngoziyo idamsiyira kwa zaka zambiri, ndipo mu 2001 iye ndi mkazi wake adakhazikitsa bungwe la Raven Drum Foundation, lothandiza asilikali ovulala ku nkhondo ndi ena opsinjika maganizo.

Tsono bambo kapena mayi amene manja ake onse alipo, koma adangoleka kwa zaka zambiri, ayembekezere zotani? Choyamba chimene amapeza n'chakuti mutu ukukumbukira zambiri kuposa zimene manja angathe. Khutu limadziŵa bwino lomwe mmene nyimbo iyenera kumvekera, koma dzanja lofooka lija limatsalira m'mbuyo, ndipo katumba wa mwendo amatopa nyimbo isanathe. Ife aphunzitsi timaziona zimenezi chaka ndi chaka ana akabwera ku tchuthi chachikulu: malembo akuwadziŵa onse, koma dzanja lauma, ndipo limamasuka pokhapokha akalemba tsiku ndi tsiku. Mphindi 20 tsiku lililonse zimapindula koposa maora 3 Loŵeruka lokha. Wofuna kuthamanga tsiku loyamba monga ankachitira ali ndi zaka 18 amangotupitsa mfundo za manja, nasiyanso kachiŵiri. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

M'kabokosi kaja muli mphunzitsi wosanyengerera. Pafupifupi ng'oma zonse zamagetsi zili ndi metronome, kachipangizo kogunda mofanana ngati wotchi, pa liŵiro limene munthu wasankha. Zambiri zimathanso kujambula zimene waimba kuti uzimvere wekha. Wobwerera ku ng'oma akadzimvera koyamba kaŵirikaŵiri amachita manyazi, chifukwa amapeza kuti amathamanga pamalo posangalatsa ndi kuchedwa pamalo povuta. Manyazi amenewo ali bwino kuwaonera m'chipinda, mahedifoni ali kumutu, kusiyana ndi kukawaonera pamaso pa gulu.

Komabe ng'oma yamagetsi ili ndi chinyengo chake. Mau ake adajambulidwa kale ndi akatswiri, motero ngakhale umenye mokhotakhota, chotuluka chimakhala chokoma ndithu. Ng'oma yachikopa siichita ulemu wotere. Ukaimenya pamalo polakwika imalira molakwika, ndipo mbale yamkuwa yeniyeni ili ndi mau ambirimbiri malinga ndi pamene kamtengo kagwera. Munthu wozoloŵera kutsitsa mau ndi kabatani amadzapeza kuti sadziŵa kuimba motsitsa ndi manja ake, ndipo akakhala pa ng'oma zachikopa amamiza oimba nyimbo onse. Amene akukonzekera kukaimba ndi anzake ayenera kumapeza mpata, ngakhale kamodzi pamwezi, wokhala pa ng'oma zenizeni. Allen yemwe, pojambula chimbale cha Slang cha mu 1996, adabwerera ku ng'oma zachikopa pa mbali yaikulu ya ntchitoyo.

Kwa makolo amene mwana wao, kapena mnzao wa m'banja, akupempha chipangizo chimenechi, pali zinthu zingapo zoti muyambe mwaziganizira. Ndi chodula, chimachokera kunja, ndipo waya kapena piezo ikaonongeka si mmisiri aliyense angaikonze. Pogula chogwiritsidwapo kale ntchito, menyani ng'oma iliyonse payokha, pakati ndi m'mbali momwe, mumve ngati ikuyankha. Magetsi akazima nachonso chimakhala chete, ngakhale kuti sichidya mphamvu zambiri. Mahedifoni okwezetsa amaononga makutu mwakachetechete, ndipo popeza inu simukumva kanthu, simungadziŵe kuti mwanayo wakweza motani. Nthaŵi zina muziwavala nokha mumve. Chopondera cha ng'oma yaikulu chimagunditsa pansi, ndipo m'nyumba yosanja wokhala kunsi amamva kugundako ngakhale wa m'chipinda choyandikana asakumva. Mphira wochindikala kapena kalipeti yopindidwa kaŵiri pansi pa chopondera imachepetsako vutoli, ndipo ndi bwino kupangana ndi anansi za ora loimbira musanayambe.