Kupola, Kupezako Bwino ndi Kucira: Mau a Cinyanja pa Cisamaliro ca Odwala

Pakati pa kudwala mwakayakaya ndi kucira kwenikweni pali nyengo imene cisamaliro cake azaumoyo amacicha subacute care m'Cingerezi. Pa nyengoyi wodwala wacoka pa ngozi ya imfa, koma afunikabe thandizo tsiku ndi tsiku: kutsukidwa zilonda, kutembenuzidwa pogona, ndiponso kuphunzitsidwanso kuyenda ngati anafa ziwalo cifukwa ca sitiroko. M'nkhani ino tifuna kuonetsa kuti ngakhale Cinyanja cilibe dzina limodzi la nyengoyi, cili ndi aneni amene amalongosola masinthidwe ake bwino lomwe.

Tiyambe ndi mneni kupola. Mneni ameneyu amanena za cilonda, osati za munthu yense. Cilonda ca opaleshoni cikhoza kupola pamwamba wodwala akali wofooka. Waciwiri ndi kupezako bwino. Apa tanthauzo lagona pa kamphatikira -ko, kamene kamacepetsa mphamvu ya mneni: wapezako bwino, wadyako, wayendako. Kamphatikira kameneka kamatiuza kuti pali kusintha, koma matenda sanathe. Wacitatu ndi kucira, kumene kumatanthauza kuti matenda atha.

Kusiyanitsa mau atatuwa si nkhani ya galamala yokha. Mankhwala a cifuwa cacikulu ca TB amamwedwa kwa miyezi 6, koma odwala ambiri amaleka kutsokomola patapita milungu yowerengeka. Womasulira akanena kuti "mwacira" pamene dokotala anatanthauza kuti "mwapezako bwino", wodwala akhoza kuleka mankhwala, ndipo matenda angabwerenso ali osamva mankhwala. Cimodzimodzinso mau akuti "takutulutsani m'cipatala": abale ambiri amawamva ngati umboni wakuti munthu wacira, pamene nchito yeniyeni yangosamukira kunyumba.

Nchito imeneyi nayonso ili ndi mneni wake, kudwazika, wocokera ku tsinde limodzi ndi kudwala. Wodwazika ndiye amatembenuza wodwala wosatha kudzuka, kawirikawiri maola 2 alionse, kuti asatuluke zilonda za pogona. Kuyambira mu 1987, pamene cipatala ca Chikankata cinayamba kusamalira odwala Edzi m'makomo mwao, udindo wa wodwazika unakula kwambiri m'Zambia. Motero mau a cisamaliro ici ayenera kumveka kwa iye poyamba.

Maina a zipangizo, monga diripi ndi bandeji, anthu anawabwereka kale, ndipo sitiona cifukwa cowasinthira. Koma ponena za mmene wodwala alili, tipempha olemba mabuku ndi aphunzitsi a cinenero kuti asathamangire kupeka maina atsopano aatali. Ndi bwino aphunzitse anamwino ndi omasulira kusankha mneni woyenera pakati pa atatuwa, ndi kusasiya -ko pamene afunika.