Ululu wa Pobereka ndi Mthenga

Aphunzitsi ndi ana a sukulu a ku Kafue Estates, lero tikambe za ululu umene amayi amamva pobereka. Chiberekero ndi mnofu wamphamvu. Nthawi ikakwana, chimakungika ndi kumasuka mobwerezabwereza kufikira khomo lake litatseguka masentimita 10, kuti mwana adutse. Ululuwo umabwera, nuleka, nubweranso. Motero umauza amayi kuti nthawi yopita kuchipatala yafika, ndipo azamba amadziwirapo mmene mwana wayandikira.

Madzi ofunda amachepetsa ululu chifukwa amafewetsa minofu. M'zaka za m'ma 1970, dokotala Michel Odent wa ku Pithiviers, m'dziko la France, ankalowetsa amayi m'bafa la madzi ofunda, ndipo ena anaberekera momwemo. Madzi otere ayenera kukhala aukhondo, ofunda ngati thupi, azamba ali pomwepo. Mtsinje wa Kafue suyenera ntchito imeneyi, pakuti muli ng'ona ndi likodzo.

Koma ululu wosalekeza, kutaya magazi ndi kukomoka ndi zizindikiro zoopsa. Ana inu, mukaona zotere kunyumba musachedwe: itanani akuluakulu kuti amayi apite msanga ku chipatala cha Kafue.