Kodi mumadziwa? Katemera wina ndi wamoyo, wina ndi wakufa

Kodi mumadziwa kuti kachipsera kali paphewa panuko kanachokera ku ng'ombe? Katemera wa BCG, amene mwana amabayidwa atangobadwa, anapangidwa kuchokera ku kachilombo ka TB ya ng'ombe. Albert Calmette ndi Camille Guérin a ku France anakafooketsa pokasamutsa kuchoka m'mbale ina kupita m'mbale ina maulendo 230, ntchito ya zaka 13!

Inu a ku Mtenguleni, amene February aliyense mumaona ng'ombe yakuda ikulasidwa pamaso pa Nkhosi Mpezeni, imvani iyi. Katemera woyamba wa nthomba, wa Edward Jenner mu 1796, anachokeranso ku zilonda za nthomba ya ng'ombe. Ndipo nthomba inalengezedwa kuti yatha padziko lonse mu 1980, chaka chomwe Nc'wala inayambiranso.

Koma mwamva bwino? Kachilombo ka mu BCG anakafooketsa, sanakaphe. Madontho a poliyo, katemera wa chikuku, wa rotavirus ndi wa yellow fever nawonso ndi amoyo, ndipo thupi lathanzi limawagonjetsa ngati m'busa woweta kamwana ka ng'ombe.

Nanga thupi limene asilikali ake olimbana ndi matenda agonekedwa dala ndi mankhwala? Pali matenda otupa matumbo, Crohn's disease ndi ulcerative colitis, amene asilikali a m'thupi amaukira matumbo a mwini wake. Si kamwazi, sapatsirana, koma akalusa munthu amatsegula m'mimba mwa magazi mpaka kupitirira kakhumi patsiku.

Burrill Crohn ndi anzake anafotokoza Crohn's disease ku New York mu 1932. Chodabwitsa n'chakuti TB ya m'matumbo imafanana nayo kwambiri, moti madokotala amayamba afufuza TB asanatchule dzina la Crohn. Zilonda zake zingabuke paliponse, kuyambira m'kamwa mpaka kotulukira chimbudzi.

Mankhwala amphamvu a matendawa amatchedwa ma biologic. Infliximab, amene analoledwa ku America mu 1998, amalowa pa dilipi milungu 8 iliyonse, pomwe adalimumab ndi jekeseni wa milungu iwiri iliyonse. Onsewa amatseka pakamwa TNF, mthenga amene amakuwira asilikali kunkhondo ngati mlaliki wa mfumu.

Vuto lili apa: TNF yemweyo ndiye amatsekera TB yogona m'khola kuti isatuluke. N'chifukwa chake munthu amayezedwa TB ndi matenda a chiwindi a hepatitis B asanalandire dilipi yoyamba. Kodi mumadziwa kuti padziko lonse amene analowedwapo ndi kachilombo ka TB ndi pafupifupi munthu mmodzi mwa anayi alionse?

Musati nkhaniyi ndi ya okhawo opita ku chipatala cha UTH ku Lusaka kapena ku Johannesburg. Timapilitsi ta prednisolone, timene ambiri a mphumu ndi nyamakazi amatidziwa, nato timagoneka asilikali. Mamiligalamu 20 patsiku kwa milungu iwiri akwana kuti katemera wamoyo ayambe wadikira.

Adikire mpaka liti? Ngati akufunika, abayidwe kukadali milungu inayi mankhwala asanayambike. Mukawaleka mankhwalawo, kudikira kwake nthawi zambiri ndi miyezi itatu kapena kuposerapo.

Tsopano iyi ndi imene ndikufuna mayi aliyense aigwire ndi manja awiri. Infliximab amadutsa pansengwa kumapeto kwa pathupi, ndipo khanda lingabadwe ndi mankhwala ochuluka m'magazi kuposa amayi ake. Mwa ana ena amapezekabe m'magazi mpaka miyezi 12!

Kuno kwathu BCG amabaya mayi asanatuluke n'komwe m'chipatala, ndiye kukhala chete n'koopsa. Mu 2010 madokotala a ku London analemba za khanda la mayi wolandira infliximab limene linabayidwa BCG lili ndi miyezi itatu, kachilomboko n'kufalikira thupi lonse mpaka kumwalira lili ndi miyezi inayi ndi theka. Lero khanda lotere limadikira BCG miyezi 6 mpaka 12.

Mukukumbukira February 2022, pamene poliyo anapezeka mwa mwana ku Lilongwe, kungowoloka malire a pa Mwami, ndipo azaumoyo anayenda khomo ndi khomo ndi madontho? Ana ayenera kutetezedwa, koma ngati m'nyumba muli wolandira mankhwala ogoneka asilikali aja, auzeni anamwino, poti pali katemera wa poliyo wa jekeseni amene ndi wakufa. Wosintha matewera asambe m'manja ndi sopo, chifukwa kachilombo ka m'madontho kamatuluka m'chimbudzi cha mwana mpaka milungu 6.

Koma si chilichonse chodontheza m'kamwa chili chamoyo ayi! Katemera wakumwa wa kolera amene amagawidwa kuno ndi wakufa, ndipo wolandira ma biologic angathe kumwa. Ndani angamukane ataona mliri wa 2023 mpaka 2024, umene unasandutsa National Heroes Stadium chipatala ndi kudwalitsa anthu oposa 20,000?

Wa kafumbata, wa hepatitis B, wa chibayo, wa COVID-19 ndi wa HPV woteteza khansa ya khomo la chiberekero, onsewa alibe kachilombo kamoyo koti kachulukane m'thupi. Wa chiwewe nayenso ndi wakufa, choncho galu akakulumani thamangirani kuchipatala ngakhale dilipi munalandira dzulo. Musananyamuke, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi kwa mphindi 15.

Kaya ndi ku Chipata Central, ku Mwami kapena ku St Francis ku Katete, nyamulani khadi lanu ndi kabokosi ka mankhwala amene mukumwa. Musanapinde mkono wa malaya, funsani kuti: "Anamwino, katemerayu ndi wamoyo kapena wakufa?"