Woomba Nsalu Amene Anaphunzitsa ndi Sewero

Ana inu, masanje muwadziwa. Anthu akatha kukolola, ana amanga timisasa ta mapesi. Wina akhala tate, wina mayi, wina mfumu, ndipo wina asanduka fisi wodzaba ndiwo. Palibe wamkulu wowauza zonena. Koma pobwerera kumudzi madzulo, mtsikana wadziwa kuthyakula nsima yopanda mibulu, ndipo iye amene anali mfumu walawa kuvuta kwa kuweruza mlandu. Iwo anayesa kuti alikusewera chabe, koma analikuphunzira.

Alipo aphunzitsi amene ntchito yawo ndiyo kulowetsa nzeru yomweyi m'sukulu, naphunzitsa ana ndi sewero. Lero tiwerenga za mmodzi wa iwo, mayi wa ku England dzina lake Dorothy Heathcote, kuti tione ntchito imeneyi umo ikhalira, ndi kulemera kwake komwe.

Dorothy anabadwa m'chaka cha 1926 m'mudzi wa Steeton, m'dera la Yorkshire, kumene anthu ambiri anapeza chakudya chawo ndi kuomba nsalu za ubweya wa nkhosa. Kwawo kunali kosauka. Pofika zaka 14 analeka sukulu, nalowa m'nyumba yaikulu yoombera nsalu m'mene amake analikugwira ntchito, nakhala m'menemo zaka 5 kuyang'anira makina pakati pa phokoso. Koma mtima wake unali pa masewero. Atakwana zaka 19 analandiridwa pa sukulu ya masewero mu mzinda wa Bradford. Ndalama analibe, mwini makina aja ndiye anamlipirira, namuuza kuti akalephera abwerere, pakuti makina atatu adzakhala alikumdikira.

Dorothy anafuna kusewera pamaso pa makamu a anthu. Koma mkulu wa sukuluyo, mayi dzina lake Esme Church, anamuuza mosabisa kuti thupi lake lalikulu silidzayenerana ndi mbali zimene atsikana a msinkhu wake apatsidwa m'masewero, namlangiza kuti aphunzitse. Mawu otere awawa, koma iye anamvera. Ali ndi zaka 24 anaitanidwa ku Newcastle kukaphunzitsa aphunzitsi, ngakhale iye mwini analibe setifiketi ya uphunzitsi. Ndipo anakhala pa ntchitoyo kufikira chaka cha 1986.

Tsopano taonani maphunzitsidwe a Mayi Heathcote. Ambiri a ife tikamva za sewero la pa sukulu tiganiza za Khirisimasi: mphunzitsi alemba mawu, ana awaloweza pamtima, abusa a nkhosa afunda mabulangete, makolo nadzaonerera. Zimenezo nzabwino, koma mayiwa anafuna china. M'sewero lawo munalibe mawu oloweza, munalibenso oonerera. Kawirikawiri anayamba ndi kufunsa ana chimene afuna kusewera. Ndipo ana atasankha, iwo anafunafuna chovuta chobisika m'nkhaniyo, pakuti anaphunzitsa kuti sewero liyamba pamene munthu wapanikizidwa, nayenera kusankha chochita.

Chachiwiri chinadabwitsa anthu koposa. Mayiwa sanaime pambali ndi kulamulira, ayi. Analowa m'sewero iwo eni. Tsiku lina anakhala munthu waulamuliro woti ana alimbane naye. Tsiku lina mthenga wodza ndi uthenga woipa. Tsiku linanso munthu wosadziwa kanthu, wofuna thandizo. Mphunzitsi akadzichepetsa chomwecho, ana sangathe kuyembekeza yankho kwa iye, ndipo ayamba kuganiza okha. Pakati pa sewero mayiwa analiimitsa, nakhala pansi ndi ana, nawafunsa zimene aona ndi zimene adzachita. Atatero analowanso m'sewero.

M'chaka cha 1971 a BBC anaonetsa kanema wa ntchito yawo, namutcha Three Looms Waiting, ndiko kunena makina atatu aja odikira. M'kanemayo muli anyamata a pa sukulu yosungirako ana olakwira malamulo. Anyamatawo anasankha kukhala asilikali ogwidwa pa nkhondo, ndipo Mayi Heathcote anasanduka mkulu wa asilikali a ku Germany wowasunga. Pakati pa akaidiwo panali kazitape wopereka anzake kwa adani. Anyamata amene anthu anawayesa osamva anasewera ndi mtima wonse. Kodi nchifukwa ninji? Kumbukirani kuti iwonso anali otsekeredwa, kutali ndi kwawo. Mphunzitsi akadawafunsa molunjika za kukhulupirika ndi za kuperekana, kapena akadakhala chete ndi manyazi; koma atavala dzina la munthu wina anatha kuyang'ana zawo zomwe popanda mantha. Nzeru imeneyi njakale. Mneneri Natani sanayambe ndi kudzudzula Mfumu Davide, koma anamsimbira za mwana wa nkhosa wa munthu wosauka, ndipo mfumu inaweruza mlandu isanazindikire kuti ndi wake.

Pa zaka zawo zapambuyo mayiwa anakonza njira ina yotchedwa Mantle of the Expert, ndiko kunena Chofunda cha Katswiri. Ndipo m'chaka cha 1995 iwo ndi mnzawo Gavin Bolton anatulutsa buku lofotokoza njirayo. Monga Elisa anatola chofunda cha Eliya nasenza ntchito yake, momwemo ana afunditsidwa udindo wa akatswiri. Tiyerekeze ndi kalasi lanu lino. Mphunzitsi apangana nanu kuti inu ndinu amisiri omanga milatho, ndipo iye alowa ngati mthenga wa mfumu, nati mtsinje wakokolola ulalo, odwala sangathe kuwolokera ku chipatala. Pamenepo muyenera kuyesa kutambalala kwa mtsinje, kuwerenga mitengo ndi misomali, kujambula ulalo pa pepala, ndi kulembera mfumu kalata yaulemu yonena mtengo wake. Samu ndi kalembedwe zimene dzulo munazichita poopa mphunzitsi, lero muzichita chifukwa pali munthu wodalira inu. Mukaphonya samu, ulalo uperewera. Onse adziwa kuti ndi sewero, palibe wonyengedwa. Koma ntchito yolemba ndi kuwerengayo njeniyeni.

Musayese kuti ntchito ya mphunzitsi wotere njopepuka. Iye akonzeka usiku nalingalira njira zambiri, koma sadziwa imene ana adzatsata, ndipo m'mawa mwake kapena adzataya zonse anakonzazo. Poyamba ana aseka ndi kukankhana, pakuti achita manyazi. Ndipo wodutsa pakhomo akamva phokoso ayesa kuti m'kalasimo mulibe mwambo. Mphunzitsi ayenera kupirira kufikira sewerolo ligwira mitima. Akafunsa funso, ana nakhala chete, ayenera kudziletsa asayankhe yekha, pakuti kuona maso a nkhono nkudekha. Ayeneranso kupenyetsetsa nkhope za ana, kuti akaona wina wachita mantha enieni aimitse sewero msanga. Ndipo lilipo yeso lina loposa onsewa: wodziwa kusewera akhoza kukondwera ndi luso lake, nasandutsa ana oonerera ake. Akatero walephera, ngakhale onse amuombere m'manja.

Mayi Heathcote sanasankhe ophunzira. Anaphunzitsa tiana tating'ono, anyamata ovuta, ndi aphunzitsi ochokera ku maiko ambiri. Analowanso m'zipatala kukasewera ndi anthu olumala m'nzeru, amene ena anawayesa osaphunzitsika. Anamwalira m'chaka cha 2011 ali ndi zaka 85, ndipo njira zawo zilikutsatidwabe m'masukulu a ku England ndi kwina. Makina atatu aja anadikira chabe. Mwini wake sanabwerere.

Chotero, ana inu, tsiku limene mphunzitsi wanu adzakankhira mabenchi ku khoma nati lero muli amalinyero pa nyanja, kapena anthu a m'mudzi wogwa njala, musayese kuti ndi nthawi yopuma. Iye wakupatsani ntchito yovuta, ndiyo kuima pa malo a munthu wina ndi kumva kulemera kwa katundu wake. Musaseke mnzanu amene ayesetsa, pakuti kuseka kwa mmodzi kupasula chimene ambiri amanga. Makolo anati chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe. Ndipo mwana amene walawa m'sewero chisoni cha mkaidi kapena nkhawa ya mfumu sadzafulumira kunyoza anthu otere akadzakomana nawo pa njira.

MAFUNSO

1. Kodi Dorothy analikugwira ntchito yanji asanapite ku Bradford, ndipo mwini makina anamuuza chiyani?
2. Tchulani zinthu ziwiri zosiyanitsa sewero la Mayi Heathcote ndi sewero la pa Khirisimasi.
3. Chifukwa ninji anyamata aja anatha kusewera za akaidi ndi mtima wonse?
4. Kodi ndi yeso lotani limene mphunzitsi wodziwa kusewera ayenera kulipewa?
5. Lembani mizere isanu kufotokoza chimene munaphunzira pa masanje.