Woyendetsa ambulansi nayenso ali ndi mapapo

Mliri wa Covid-19 utafika pachimake mu Januwale 2021, mnansi wanga, yemwe amayendetsa ambulansi kwathu kuno, anayamba kugona kukhitchini. Ankaopa kupatsira mkazi ndi ana ake kachilombo komwe mwina anakatenga kuntchito. Masiki anali nayo imodzi yokha, yansalu, yomwe ankachapa madzulo aliwonse.

Tikamakamba za ogwira ntchito zachipatala, maganizo amathamangira kwa madokotala ndi anamwino. Koma wodwala asanafike kwa dokotala amakhala atadutsa m'manja mwa anthu ambiri: mlangizi wa zaumoyo kumudzi, dalaivala, mlonda wa pageti ndi kalaliki wolemba maina. Akagonekedwa, pali mayi wokolopa mu wodi.

Kachilombo ka corona kamayenda mu mpweya wodwala akamatsokomola, kulankhula kapena kupuma. Munthu amatha kupatsira ena asanayambe kumva m'thupi, ndipo kutentha thupi ndi kuphwanya kwake zimafanana ndi malungo. Ndiye taganizirani dalaivala amene wanyamula "wodwala malungo" kwa maola awiri, mawindo atatseka chifukwa cha fumbi. Mpweya wa m'galimotomo amapuma onse.

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linati pakati pa Januwale 2020 ndi Meyi 2021, ogwira ntchito zachipatala apakati pa 80,000 ndi 180,000 ayenera kuti anafa ndi matendawa. Kuno kwathu, matendawa atapezeka pa 2 Epulo 2020, madokotala ndi anamwino a pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre ananyanyala ntchito mwezi womwewo, kufuna zovala zodzitetezera ndi ndalama yachiopsezo. Enafe tinawanena kuti ndi ouma mtima. Tinalakwa. Namwino akadwala, wodi yonse imasowa woisamalira.

Boma linachita bwino kuika azachipatala patsogolo katemera atafika mu Malichi 2021. Koma mliri sulawira. Covid-19 itangozilala, kolera inatipeza mu 2022.

Pempho langa kwa akuluakulu a zaumoyo m'maboma ndi lakuti masiki, magolovesi ndi sopo zizikhala m'nkhokwe nthawi zonse, ndipo pogawa kapena pophunzitsa kadzitetezedwe, dalaivala, mlonda ndi wokolopa asamaiwalike. Ifenso tikapita kuchipatala tikutsokomola, tiziphimba kukamwa ndi kunena zoona za momwe tikumvera. Amene akutilandirayo madzulo amabwerera kwa ana ake.