ZA KANKHONO KA M'NYANJA YAMCHERE KAMENE KABA ZIDA ZA MNZACHE

Ife tonse tidziwa nkhono ya kudambo imene isenza nyumba yache pamsana. Koma m'nyanja zazikulu zamchere muli nkhono zina zopanda chigoba, zovala maonekedwe okongola koposa maluwa. Mwezi uno tifuna kukuuzani za imodzi mwa izo, pakuti ana athu opita ku Durban kapena ku magombe a Mozambique angathe kukomana nayo, ndipo kusaidziwa kungawapweteke.

Anthu ophunzira akatcha Glaucus atlanticus, dzina limene anakapatsa Forster m'chaka cha 1777, atayenda panyanja pamodzi ndi Captain Cook. M'nyanja yathu ya Malawi mulibe, chifukwa sikakhala m'madzi opanda mchere.

Kodi tikazindikira bwanji? Choyamba, nkakang'ono: kutalika kwache ndi masentimita 3, osafika ngakhale kamtengo ka machesi. Chachiwiri, mbali imodzi ili ndi mtundu wa buluu wochapira zovala, ndi mizere iwiri yoderapo yochokera kumutu kufikira kumchira. Mbali inayo ndi yotuwa ngati siliva. Chachitatu, kali ndi timikono 6, titatu uku titatu uku, ndipo kamkono kali konse kali ndi tizala tambiri totambasuka mu mzere umodzi, monga nthenga za mbalame. Kalipo kanzache kotchedwa Glaucus marginatus, koma iko nkocheperapo, mchira wache ngwaufupi, ndipo tizala tache tithithikana m'mizere ingapo.

Makhalidwe ache ngodabwitsa. Kameza mpweya ndi kuusunga m'mimba, tsono kayandama chagada pamwamba pa madzi, nikapita kuli konse kumene mphepo ndi mafunde zikatengera. Mimba yabuluu iyang'ana kumwamba, motero mbalame zilephera kukasiyanitsa ndi madzi. Msana wotuwa uyang'ana pansi, ndipo nsomba zikayesa kuwala kwa thambo. Kali konse nkakamuna ndi kakakazi pamodzi. Tiwiri tikakomana, tonse tiikira mazira olumikizana ngati mkanda.

Tsono imvani za chakudya chache. Panyanja pamayandama chamoyo china chonga kathumba ka mpweya, chokoka zingwe zazitali zodzala ndi timbola taululu. Anthu a ku South Africa achitcha bluebottle. Nsomba zazing'ono zikakhudza zingwezo zifa. Koma kankhono kathu kadya zingwe zomwezo osapwetekedwa. Timbola tina sikatigaya ai: katipititsa ku nsonga za tizala tache ndi kutisunga komweko. Chotero kanthu kobadwa kopanda mkondo kadziteteza ndi mikondo ya iye amene kamudya.

Apa ndipo pali ngozi. Mphepo ikakankhira tinkhono timeneti pamchenga, mwana aona kokongola nafuna kutola. Ululu wache uotcha ngati moto, khungu litupa, ndipo ena asanza. Ngakhale kataoneka kakufa, mbola zache zikhoza kulumabe. M'chaka cha 2025, akulu a mzinda wa Guardamar del Segura ku Spain analetsa anthu kusamba m'nyanja atapeza tinkhono totere pagombe.

Chifukwa chache, inu atate ndi amai, alangizeni a paulendo: ayang'ane ndi maso okha, manja akhale kumbuyo. Wina akalumidwa asatikite pamalopo. Atsukepo ndi madzi a m'nyanja momwemo, aviikepo m'madzi otentha amene khungu lingapirire, ndipo ululu ukakula kapena mpweya ukayamba kubanika, afulumire kunka kuchipatala.