Albumin pa opaleshoni ya mtima: kodi botolo lodula limaposa dripi wamba?

Amene anaonapo mbuzi ikuphedwa pa msika wa Mvera akudziwa zomwe magazi amachita akakhalitsa m'mbale. Amagwirana n'kukhala chibuma chofiira, ndipo m'mbali mwake mumatuluka timadzi tachikasu, tonanda pang'ono. Wophika uwende sazilabadira zimenezi. Koma m'timadzi timeneto ndi mmene muli albumin, puloteni yochuluka kuposa ina iliyonse m'madzi a m'magazi. Ya munthu ikasefedwa n'kuikidwa m'botolo, mtengo wake umaposa kutalitali wa dripi ya madzi amchere yomwe tinazolowera kuiona itapachikidwa pambali pa bedi.

Chiwindi ndicho chimapanga albumin, magalamu 10 mpaka 15 pa tsiku. Mu lita imodzi ya madzi a m'magazi a munthu wathanzi mumapezeka magalamu 35 mpaka 50. Ntchito yake yaikulu ndi kukoka madzi kuti akhale m'mitsempha, mofananako ndi mchere umene umakoka madzi ukawazidwa pa matimati oduladula. Ikachepa, madzi amadutsa m'zipupa za mitsempha n'kukadzaza m'mapazi, m'mimba ndi kumaso. Kumudzi munthu akatupa chonchi ena amafulumira kunena kuti ndi tsempho. Dokotala amadina chala pamwendo, ndipo kachibowo kakatsalira amayamba kuganizira za chiwindi, impso, mtima kapena kuperewera kwa zakudya.

Pa opaleshoni yotsegula mtima, madokotala amadula fupa la pachifuwa, amauimitsa mtimawo, ndipo makina ndiwo amapopa magazi ndi kuwapatsa mpweya mpaka ntchito itatha. Mapaipi a makinawa sangalumikizidwe ali gwaa, chifukwa thovu la mpweya likalowa m'mitsempha ndi imfa. Amayamba awadzaza ndi madzi a dripi, kawirikawiri opitirira lita imodzi. Madziwo akasakanikirana ndi magazi a wodwala, magazi amasukuluka, albumin imachepa mphamvu, ndipo mitsempha yomwe yakwiya ndi makina imayamba kuchucha. Nzeru yake inali yomveka: bwanji osathiramo albumin ya m'botolo kuti madzi asathawe? Kwa zaka zambiri zipatala za m'mayiko olemera zinkatero. Mankhwalawa anali ndi mbiri yabwino kuyambira kale. Edwin Cohn wa ku Harvard ndiye anapeza njira yowasefera ku magazi, ndipo mu 1941 anaperekedwa kwa asilikali opsa ndi moto pa Pearl Harbor.

Zomveka m'mutu sizikhala zoona nthawi zonse m'thupi, n'chifukwa chake madokotala a pa Helsinki University Hospital ku Finland anaganiza zoyesa. Odwala 1,386 ochitidwa opaleshoni ya mtima anagawidwa pawiri mwamaere. Gulu lina linalandira albumin, lina madzi wamba otchedwa Ringer, m'makina komanso m'dripi. Anawalondola kwa masiku 90, ndipo zotsatira zinasindikizidwa mu 2022 m'magazini ya zachipatala ya JAMA. Atawerengera pamodzi imfa ndi mavuto onse aakulu, magulu awiriwa sanasiyane. Olandira albumin minofu ya mtima wawo inavulala mocheperapo, koma ndi iwonso amene anataya magazi ambiri, kubwezedwa ku fiyeta komanso kugwidwa ndi tizilombo kuposa anzawo. Chimene anapindula mbali ina anachitaya mbali inayo.

Sikanali koyamba. Mu 2004 kafukufuku wa SAFE ku Australia ndi New Zealand, pa odwala mwakayakaya pafupifupi 7,000, anapeza kuti albumin ndi madzi amchere zinapulumutsa anthu mofanana, ndipo ovulala m'mutu anafa ambiri atapatsidwa albumin. Kuno ku Africa, kafukufuku wa FEAST wa mu 2011 ku Kenya, Uganda ndi Tanzania anadzidzimutsa madokotala. Ana odwala kwambiri malungo ndi matenda ena otentha thupi, omwe anathiridwa madzi ambiri mwamsangamsanga, kaya albumin kaya amchere, anamwalira ochuluka kuposa omwe sanathiridwe mwanjira imeneyo. Mu 2024 gulu la akatswiri a zoika magazi ochokera m'mayiko osiyanasiyana linalangiza kuti albumin isamagwiritsidwe ntchito mwachizolowezi podzaza makina kapena pobwezera madzi kwa akuluakulu ochitidwa opaleshoni ya mtima.

Izi sizikutanthauza kuti ilibe ntchito. Munthu amene chiwindi chake chinauma, n'kumupopa malita ambiri a madzi m'mimba, albumin imamuteteza impso. Odwala otere sasowa m'zipatala zathu. Ndiye botolo lililonse logwiritsidwa ntchito pomwe silikufunika lalandidwa kwa iwowa. Tikumbukire kuti albumin yambiri sapanga ndi ufa wa m'fakitale. Imachokera ku magazi a anthu ambirimbiri opereka, kenako imatenthedwa pa madigiri 60 kwa maola 10 kuti tizilombo tife. M'Malawi muno mulibe fakitale yosefera magazi motere. Ku South Africa iliko, National Bioproducts Institute ya ku Pinetown pafupi ndi Durban, ndipo chilichonse chochokera kunja chimafuna ndalama zakunja zomwe tikuzisowazi.

Ine nkhaniyi imandikhudza chifukwa cha mtima umene tili nawo tikamadwazika. Timakhulupirira kuti mankhwala odula ndiwo enieni, ndipo wodwala wathu akaikidwa madzi okhaokha timadandaula kuti amutaya. Banja lomwe lagulitsa ng'ombe kapena kudikira zaka pa mndandanda wa boma wotumiza odwala ku India limafuna kumva kuti m'bale wawo walandira zonse. Lili ndi ufulu wofunsa dokotala chifukwa chimene wasankhira botolo ili kapena ilo. Koma likamva kuti anamuika Ringer osati albumin, lisaganize kuti amumana kanthu.

Nanga munthu wa m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi amafika bwanji pa tebulo la opaleshoni imeneyi? Ambiri ulendo wawo unayamba ali ana, ndi zilonda zapakhosi zoyambitsidwa ndi bakiteriya wa streptococcus zomwe sizinalandire mankhwala. Chitetezo cha thupi polimbana ndi kachilomboko chimaphonya n'kumenya mavalavu a mtima, ndipo zikabwerezabwereza mavalavuwo amauma kapena kutayikira. Ofufuza atayeza ndi makina ounikira mtima ana 1,450 m'boma la Lilongwe, anapeza kuti oposa atatu mwa ana 100 alionse anali ndi zizindikiro za matendawa, ambiri osadziwa. Vuto limadzaonekera pambuyo pake: mtsikana wa zaka 20 kulephera kukwera chitunda ndi ndowa pamutu, kugona chokhala chifukwa chobanika, kapena kutupa miyendo pa mimba yake yoyamba.

Choteteza mavalavu chilipo, ndipo sichifuna ndege. Zilonda zapakhosi zobwera ndi kutentha thupi zimafunika penisilini mwana asanathe masiku ambiri. Amene wapezeka kale ndi matendawa amabayidwa jakisoni wa benzathine penisilini pakatha milungu inayi iliyonse, kwa zaka zambiri. Mankhwalawa ndi oyera, onanda ngati phala, ndipo amapweteka polowa, moti ana ena akangoona singano amakana kubweranso. Namwino amalemba tsiku lobwerera m'kabuku ka kuchipatala, ndipo kholo liyenera kulisunga tsikulo ngakhale likhale la pakati pa dzinja, mtsinje utadzaza ndipo kumunda kukudikira kupalira.